Mayi wa pa Tsamba 64

Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse a Magalasi ankatseka sitolo yawo msanga. Ankatembenuza kachikwangwani ka pachitseko, n'kukokera mipando inayi m'chipinda choyezeramo maso, pansi pa chipepala chija cha zilembo zomka zicheperachepera. M'menemo ndi momwe anthu anayi ankakumana kuti akambirane buku lomwe awerenga mwezi umenewo: a Magalasi eni ake, Aphunzitsi omwe anapuma ntchito kalekale koma choko chikadali m'mawu, Mawaya katswiri wa makompyuta, ndi Wailesi, mkazi wa mkulu wake wa Mawaya.

Dzina loti Wailesi anamupatsa ndi anzake a kuntchito. Anali atatha zaka khumi ndi chimodzi akuyankha mafoni kukampani ya madzi, ndipo munthu ngakhale aimbe atalusa chotani kuti mpope wauma, akangomva mawu ake mtima unkatsika, mwina n'kuyamba ndi kupepesa.

Tsiku limenelo anafika mochedwa, tiyi atathiridwa kale. Anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo.

Buku la mwezi umenewo analisankha ndi Mawaya. Linali lakale, lolembedwa zaka makumi anayi zapitazo, lonena za mzinda wam'tsogolo momwe dzuwa silifika pansi chifukwa cha kutalika kwa nyumba, boma linatha mano ndipo zonse zili m'manja mwa makampani. Mwini nkhani ndi mbava ina ya maso achitsulo, yothyola makompyuta a makampaniwo monga momwe wakuba athyolera zenera. Mawaya analiwerenga koyamba ali kusekondale, ndipo ankanena yekha kuti ndi lomwe linamulowetsa ntchito ya makompyuta. Lake linali losasuka, lomatamata ndi selotepu.

"Ndiyambe ine, mkwiyo usanazizire," anatero Aphunzitsi. "Masamba mazana atatu, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene ali ndi mayi ake. Palibe wopita kumaliro. Palibe wopatsa mnzake moni. Anthu amenewa anachita kugwa kumwamba? Ndiye mvula! Tsamba lililonse mvula. Ndinatsala pang'ono kuliyanika padzuwa."

A Magalasi anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. "Ine zanga ndi maso aja. Munthu kuchotsa maso abwinobwino n'kuikamo achitsulo, osamva mutu ngakhale tsiku limodzi? Kuno ndikangomusinthira munthu magalasi amabwera katatu kudzadandaula kuti pansi pakuoneka ngati chitunda. Komabe ndisaname, sindinathe kulisiya. Mayi a kunyumba anachita kundilanda patebulo."

"Mwaonatu!" anatero Mawaya, atasendera kutsogolo kwa mpando. "Silisiyika. Ndipo taganizani, munthuyu ankalemba izi foni ya m'manja kulibe. Anaoneratu zonse. Makampani odziwa komwe wagona, makina olankhula ngati anthu, zonse."

"Kuona anaona," anayankha Aphunzitsi, "koma zinkamukomera. Ndi mlosi wanji wolosera moto uku akuwotha?"

Mawaya anatembenukira kuchitseko, akumwetulira. "Alamu, mwangoti phee lero. Kapena simunalimalize?"

Wailesi anali atalimaliza. Chomwe chinamutseka pakamwa chinali china.

Miyezi itatu m'mbuyomo, kuntchito kwake anasankha anthu asanu ndi mmodzi a mawu abwino, n'kumawalowetsa mmodzimmodzi m'kachipinda kopanda zenera, komata masiponji m'makoma. Kwa masabata awiri Wailesi ankawerenga zolembedwa papepala: manambala, mayina a miyezi, "Pepani chifukwa cha vutoli," kakhumi kakhumi, mokweza, motsitsa, momwetulira. Kuseri kwa galasi kunkakhala Mawaya, poti kampani yomwe iye amagwirako ndi imene inapatsidwa ntchitoyo. Ankavala zomvera m'makutu, n'kumamuimikira chala chachikulu. Wailesi anauzidwa kuti mawu akewo akawaika m'makina oyankha mafoni, omwe azingothandizira nthawi yomwe mafoni achuluka. Pepala lomwe anamupatsa anasaina osaliwerenga lonse. Akanalikayikira bwanji, wolibweretsa ali mlamu wake, munthu wodya kunyumba kwake Lamlungu lililonse?

Ndiye Lachitatu la sabata yomweyi ya msonkhano wa buku mpope wa bambo ake unauma. Bambowo ndi okalamba, maso anayamba kuchita chidima, ndipo amakhala okha mbali ina ya mzinda. Anaimba nambala ya kampani monga ankachitira nthawi zonse, akuti mwina agwera mwana wawo. Wailesi atawadzera poweruka, anawapeza pakhonde, nkhope atalozetsa kumpanda.

"Ntchito yakukweza mtima, mwana wanga," anatero. "Ndakuuza kuti ndine bambo ako, iwe n'kumati, 'Kasitomala wathu wolemekezeka, tchulani nambala ya mita yanu.' Ndati kapena bwana ali pafupi. Ndakuuza za mwendo wangawu kuti watupanso. Iwe, 'Pepani, sindinamve bwino.' Katatu konse. Ndakulakwira chiyani?"

Tsiku limenelo Wailesi sanalankhule ndi bambo ake pafoni, ndipo palibe anamuuza kuti makina aja ayamba kuyankha mafoni. Anangoti kunali anthu ambiri, n'kupepesa mlandu wosapalamula iye, n'kukawatungira madzi kwa oyandikana nawo.

"Ndalimaliza," anatero tsopano, akutulutsa buku m'chikwama. "Tatsegulani tsamba 64."

Masamba anachita phokoso. Pa tsamba limenelo mbava ija ikuthawa alonda a kampani, ndipo yafika pa siteshoni ya sitima. Pawindo logulitsira matikiti palibe munthu, pali galasi la makina loonetsa nkhope ya mayi womwetulira, wolankhula mokoma. Potuluka, mbava ikuona mayi yemweyo, mwini wake wa nkhopeyo, atakhala pansi panja akugulitsa maambulera. Mizere isanu ndi iwiri basi. Kenaka mbava ikulumphira sitima, nkhani n'kupitirira.

"Aa, koma zoona alipo," anatero a Magalasi, chala chili patsamba. "Ine ndinangodutsapo."

"Aliyense amangodutsapo," anatero Wailesi. "Wolembayonso anangodutsapo. Ine masamba onse otsalawo ndawerenga ndikudikira kuti abwerera kwa mayiyu. Ali ndi ana? Akafuna kukwera sitima, tikiti amagula kwa nkhope yake yomwe? Ikamupatsa moni amayankha? Palibe chilichonse. Buku lonse likuthamangira wakuba wa maso owala, mayi watsala pansi pamvula."

"Ameneyo ndi chokometsera chabe, alamu," anatero Mawaya. "Wolemba amangofuna tione mmene mzindawo ulili."

"Chokometsera."

Wailesi sanafune kuzinena pamaso pa anthu. Koma liwu limenelo linamutsegula pakamwa, ndipo anafotokoza zonse: kachipinda ka masiponji, pepala, mpope, ndi bambo ake pakhonde.

"Bwanji simunandiuze?" anafunsa Mawaya chapansipansi.

"Inu munandiuza kuti ayamba?"

"Sindinadziwe kuti aika tsiku lonse. Ine yanga inali kujambula mawu ndi kulumikiza. Zinazo amagamula ndi akuluakulu."

"Bukuli mwaliwerenga kangati, alamu?"

"Kasanu. Mwina kasanu ndi kamodzi."

"Ndipo muli kuseri kwa galasi lija, munkadziona kuti ndinu ndani m'bukumu? Wakuba uja, wolimbana ndi makampani? Inu si wakuba uja, alamu. Inu ndi amene munabwera ndi sikuludilaiva kudzamangirira makina pawindo la mayiyu. Munthu ameneyo ngakhale wolemba sanamutchule."

Mawaya anayamba kukanda selotepu ya pachikuto cha buku lake ndi chikhadabo.

Aphunzitsi anakonza kukhosi. "Mwina ndalinyoza mopitirira," anatero pang'onopang'ono. "Ngati mizere isanu ndi iwiri yakulasani chonchi, mwanawe, ndiye kuti wolembayo anaponya mkondo ngakhale sanaone komwe wagwera. Buku lopanda pake sililasa munthu."

"Chandilasa si buku, Aphunzitsi."

Tsiku limenelo anabalalika dzuwa likadali m'mwamba, osasankha buku la mwezi wotsatira. A Magalasi anatsala akutsuka makapu anayi, awiri tiyi ali wosakhudzidwa.

Kunyumba, mwamuna wake anamvetsera nkhani yonse, n'kupuma mozama. Anati zamupweteka, koma asadane ndi mng'ono wake chifukwa cha makina, poti akanakana iye akanabwera wina. Lamlungu Wailesi anaika mbale zitatu patebulo monga mwa masiku onse, koma Mawaya sanabwere.

Wailesi anakamupeza Mawaya Lolemba m'mawa pageti la kuntchito, atavala tayi, chinthu chomwe sankachita. Analowa limodzi kwa bwana. Bwanayo anawalandira bwino, anawapatsa mipando, kenaka anatulutsa pepala lija n'kuloza ndime ina ya zilembo zing'onozing'ono pafupi ndi siginecha ya Wailesi. Ndimeyo inkati mawu a Wailesi ndi a kampani kwa nthawi yonse yomwe ingawafune. Mawaya anapempha kuti amulole awasinthe pang'ono, awanenepetse kapena awapyapyalitse, kuti asamadziwike mwini wake. Anati achita yekha, tsiku limodzi lokha.

"Tisinthirenji chinthu chomwe anthu achikonda?" anatero bwana. "Madandaulo achepa. Muyenera kunyadira, mayi."

Potuluka anadutsa m'holo yoyankhiramo mafoni. Mwa madesiki makumi atatu a m'menemo, asanu ndi atatu anali atachotsedwa kale, ndipo pamalopo anaikapo miphika ya maluwa apulasitiki. Mawaya anaima, akuwerenga ndi maso. Anafuna kunena kanthu, koma Wailesi anali atavala kale zomvera m'makutu.

Madzulo ake anapita kwa bambo ake. Anakoka mpando, nakhala pafupi nawo pakhonde, n'kuwagwira dzanja.

"Bambo, gwirani dzanja langali, musalisiye. Ndikufuna mumve kanthu."

Anaimba nambala ya kampani, n'kukweza foni kuti imveke. Inaitana kawiri. Kenaka mawu ake omwe anatuluka m'kafoniko, oyera, aulemu, akupereka moni kwa kasitomala wolemekezeka.

Dzanja la bambo linauma gwa. Anatembenuza mutu kuyang'ana foni, n'kuyang'ana pakamwa pa mwana wawo pomwe panali potseka, n'kuyang'ananso foni.

"Zimitsa."

Anazimitsa, n'kuwafotokozera monga momwe akanathera.

"Ndiye ndagona masiku asanu ndi mkwiyo, munthu wake kulibe," anatero bambo. "Nanga iwe unapepeseranji?"

"Ndinasowa chonena, bambo."

"Taimbanso."

Anaimbanso. Ulendo uno bambo anatsinzina, khutu atalisendeza pafupi, akumvetsera ngati munthu wogogoda mtsuko kuti amve ngati uli ndi mng'alu. Anamvetsera moni, manambala, ndi "Pepani, sindinamve bwino."

"Sakupuma ameneyu," anatero potsiriza. "Iwe umakoka mpweya usanayankhe munthu. Mayi ako ankateronso." Anabweza foni. "Koma ndikufunse. Iwe ukadzakalamba ngati ine, mawu atasasa, ameneyu azidzalankhulabe chonchi?"

"Mwina, bambo."

"Ngakhale utapita?"

"Sindikudziwa."

Bambo anagwedeza mutu. Anapisa m'thumba la malaya, natulutsa kafoni kawo ka mabatani akuluakulu, n'kumupatsa.

"Ndifufutire nambala imeneyo. Mpope ukauma ndizikudikira."

Wailesi anaifufuta. Anakhala nawo kanthawi mpaka nthawi ya basi itakwana. Atafika pageti anatsanzika, ndipo bambo anamuuza kuti abwereze, sanamve bwino. Anabwereza mokweza.