Katoni Yoyera ya Mayi Ursula

"Lole yanga ikhoza kuima pa kapeti ya m'banki tsiku lathunthu osasiyapo kadontho ka oyilo," anatero a Lexon Kamphinda, mokweza kuti ndi mlonda wapageti yemwe amve.

Amene ankauzidwawo anali mayi Ursula, oyang'anira zamtengatenga pa bungwe lina la ku City Centre. Bungwelo linkafuna lole yoti izinyamula madesiki kupita nawo kusukulu za ku Dowa ndi Ntchisi kwa chaka chathunthu. Ntchito imeneyi inkawasowetsa tulo a Kamphinda. Akanangoipeza, zodikirira maganyu a mchenga padzuwa ku Malangalanga zikanathera pomwepo.

Komatu munthuyu sanali wamba. Anayamba ndi wilibala, kunyamula kabichi mumsika waukulu. Kenako anayendetsa mathiraki a eni ake mpaka ku Beira, ku Dar es Salaam, ku Lubumbashi ndi ku Joni, ndipo dziko lililonse anabwerako ndi chipewa. Lero anali ndi nyumba ya mpanda ku Area 47 ndi lole yawoyawo ya matani asanu ndi awiri, ya dizilo, yobadwa kale kuposa mwana wawo woyamba.

Mayi Ursula anatulutsa katoni yoyera imene munabwera firiji ya muofesi, naiyala pansi pa injini.

"Muilize mphindi khumi, muizimitse, tidikire mphindi makumi awiri. Amene amatithandiza kunja kuja safuna galimoto yoipitsa chilengedwe. Pali fomu yake."

Nthawi itakwana anagwada ndi tochi ya foni, naunika pansi pa injini, naisolola katoniyo. Panali madontho asanu ndi anayi, akuda bii, ndipo lina linali lalikulu ngati chitsekerero cha botolo.

"Limenelo ndi thukuta, mayi. Injini yolimbikira ntchito imatuluka thukuta. Ku Beira..."

"Kuno si ku Beira, bambo. Mubwerenso Lachinayi, teni koloko. Katoni ikadzadanso, ntchito ndipereka kwa ena."

Limeneli linali Lolemba. Atafika kunyumba, a Kamphinda analowa pansi pa lole, naona oyilo akulendewera ku sampu, beseni la pansi pa injini limene oyilo amakhalamo. Anaipaka sopo wochapira, monga anachitira tsiku lina pafupi ndi Tete. Kenako anachita mwambo wawo wa m'mawa uliwonse. Anali ndi chipaipi chotalika ngati mkono chimene ankachilowetsa kumchira wa sipanala kuti mphamvu zichuluke, ndipo anamanga nacho bawuti iliyonse imene maso awo anaiona, pansi ndi pamwamba pomwe, mpaka chitsulo kulira. Ankati bawuti yomangidwa ndi Kamphinda imamasulidwa ndi Kamphinda yekha.

Lachiwiri madontho anafika khumi ndi asanu. Anamanganso. Lachitatu m'mawa pansi pa lole panali kachithaphwi. Anaganiza zomangirira chitini cha majarini pansi pa injini kuti chiziwakha madonthowo, koma anakumbukira mmene mayi Ursula anagwadira ndi tochi ya foni. Anapukusa mutu, nauyatsa wa ku tawuni yakale.

Kuseri kwa mashopu a zipangizo za galimoto ku Malangalanga, pansi pa mtengo wa mango, pankagwira ntchito Che Sumaila, makaniko wa imvi amene sanapiteko kutali kuposa ku Mangochi.

"Madala, nthenda ndaipeza kale," anatero a Kamphinda asanatsike n'komwe. "Ndi kumbuyo kwa injini. Titsitse giyabokosi. Ine ndikuuzani pogwira, inu muzingomasula."

"Mwaswera bwanji, a Joni?" anatero Che Sumaila, kuwatchula dzina limene anthu a pamenepo anawapatsa.

"Ndaswera. Giyabokosi, madala. Nthawi."

"Giyabokosi ikatsika lero idzakwera Loweruka. Oyilo amatsetsereka, ndiponso mphepo imamukankhira kumbuyo. Pamene mukumuona akudontha si pamene watulukira. Pendeketsani mutu wa lolewu, tiisambitse."

A Kamphinda, munthu woti anadyapo nsomba padoko la Dar es Salaam, anapatsidwa burashi ndi chitini cha palafini. Anakwecha injini maola awiri, naitsuka ndi madzi a sopo, naisiya padzuwa kuti iume. Apo Che Sumaila anaitana akazi awo, mayi Tausi, amene ankakazinga mandasi pakhonde la shopu yoyandikana.

"Tatibwerekeni fulawa, makapu atatu."

"Wa mandasi a mawa ameneyu," anatero mayi Tausi akuthira m'mbale. "Abwerenso. Ndikunena kwa inu a chipewa."

"Mayi, ine ndikhoza kukugulirani chigayo chathunthu."

"Chigayo ndilibe pochiika. Makapu atatu."

Che Sumaila anawaza fulawayo painjini yonse, kuyambira pamwamba mpaka ku sampu, mpaka inayera mbuu. Amakaniko anzawo ndi anthu ogulitsa matayala anayamba kusonkhana.

"A Joni lero akukazinga injini!"

"Mutisungireko mwendo, bwana!"

"Ilizeni," anatero Che Sumaila.

Injini inalira. A Kamphinda anagwada, maso ali pa sampu, chala chili chokonzeka kuloza. Mphindi zisanu zinatha, sampu ili yoyera. Kumbuyo kwa injini nakonso kunali koyera.

"Mukuyang'ana kumapazi, a Joni. Dzukani muone kumutu."

Pamwamba penipeni pa injini, m'mphepete mwa chivundikiro chachitsulo, fulawa anali atayamba kuda. Timizere takuda tinkatuluka pakati pa mabawuti, n'kumatsika pang'onopang'ono m'mbali mwa injini, kulowera kumbuyo.

Mabawuti a chivundikirocho anavuta kumasula. Che Sumaila anachita kuponda tayala ndi phazi limodzi kuti akoke bwino. Chitachoka, gasiketi, kamphira kotseka mpata pakati pa chivundikiro ndi injini, inapezeka itaphwanyika ngati chikondamoyo chokhalidwa. Chivundikirocho chinali chitalowa m'kati pa bowo lililonse, ndipo pakati pa mabowo chinali chitatukuka.

"Amene amamanga apa," anatero mkuluyo akuonetsa anthu, "Mulungu anamupatsa mphamvu za ng'ombe. Akamanga, chitsulo chimapindika, oyilo amapeza njira. Akaona oyilo, amamanganso. Ndani ameneyu?"

"Amakaniko a masiku ano," anatero a Kamphinda. "Ku Lubumbashi munthu wotere amamumanga."

Che Sumaila anapita kumutu wa lole, napisa dzanja kuseri kwa mpando, natulutsa chipaipi chija, sipanala ikadali kunsonga kwake. Anthu anaseka mpaka wogulitsa matayala wina anakhala pansi.

"Ichi chitsala kuno," anatero Che Sumaila. "Ndichikhoma pansi, ndizimangirirapo mbuzi."

Anagoneka chivundikiro pathabwa, nachiwongola ndi kanyundo, bowo limodzilimodzi, akuyeza ndi rula yachitsulo. Gasiketi yatsopano inapezeka pashopu yachitatu. Ataiika, anapatsa a Kamphinda kasipanala kakang'ono ngati supuni.

"Mumange nokha. Kuyambira pakati, uku ndi uku. Zala ziwiri zokha, ngati mukupereka moni kwa apongozi."

"Chigwa ichi, madala."

"Basi! Pomwepo. Chotsani dzanja."

Anathira oyilo wofika pa mzere, nailizanso theka la ola. Fulawa wotsala m'mbali anakhalabe woyera.

Lachinayi m'mawa manja a a Kamphinda ankayabwa. Anaizungulira lole katatu, akuyang'ana mabawuti aja ngati ana osasamba, koma manjawo anawatsekera m'matumba. Teni koloko anali pageti la bungwe lija. Mayi Ursula anayala katoni ina yatsopano. Kwa mphindi makumi atatu a Kamphinda sanatchule dziko lililonse, chinthu chimene sichinachitikepo chibwerereni ku Joni.

Katoni inatuluka yoyera. Mayi Ursula anaitembenuza, nagwada ndi tochi, nadzuka akusasa fumbi m'maondo.

"Koma injiniyi ikununkhira ngati mandasi bwanji?"

"Ndi oyilo wakunja, mayi."

Anasaina mafomu asanu ndi limodzi. Madesiki oyamba anali oti anyamulidwe Lolemba.

Masana omwewo lole inaima pansi pa mango paja, hutala ikulira. A Kamphinda anakwera pa tayala nayamba kufotokozera anthu kuti nzeru ya fulawayi anaiona koyamba padoko la Durban, kumene amawaza ndi ndege pa injini za sitima zapamadzi, ndipo Che Sumaila anangowakumbutsa chabe.

"A chipewa," anaitana mayi Tausi ali pakhonde, "fulawa wa ku Durban uja sanabwerebe."

A Kamphinda anatsika, nalowa m'golosale, natuluka ndi paketi yaikulu ataikweza m'mwamba kuti msewu wonse uone. Mayi Tausi anaitsegula, natunga kapu imodzi, naisalaza ndi chala. Anatunganso yachiwiri, kenako yachitatu. Paketiyo anaipinda kukamwa n'kuwabwezera m'manja.

"Atatu. Takwana."