Botolo Lachiwiri la a Wyson

Ku Likhubula palibe amene sadziwa nyumba ya a Wyson, ngakhale masiku ano palibe amalowamo. Ndi ija ya malata adzimbiri, yoyang'ana kuphiri. Anthu akafika pamenepo amafulumiza miyendo, ena mpaka kulavula, poti mkatimo muli njoka ziwiri.

Nkhani yake inayamba chonchi. A Wyson anali onyamula katundu wa alendo okwera phiri, mpaka mawondo anawakana. Ndiye panali mzungu wina ankachita lendi kumtundako, iyeyo ankaweta nsato. Osati zathu zakutchire zomeza mbuzi zija ayi, koma zing'onozing'ono zakunja, zoti zikachita mantha zimangodzikulunga ngati mpira, mutu n'kubisa pakati. Pobwerera kwawo anasowa pozisiya, n'kuwapatsa a Wyson, iliyonse m'bokosi lake lagalasi. Anawauza kuti asadzaziike pamodzi. Chifukwa chake ananena ndithu, koma m'Chingerezi chothamanga, ndipo a Wyson anangogwedeza mutu monga ankachitira kuphiri.

Yaikulu anaitcha Nkhata, poti ikadzipinda inkafanana ndi nkhata yosenzera katundu. Yaing'ono, yamawanga owala, anaitcha Mkanda.

Zokamba ndiye zinachuluka. Kumjigo amayi ankati njokazo zimalavula ndalama. Koma inu, munthu wolavuliridwa ndalama n'kumayenda ndi patapata womanga ndi waya? Ena ankati ndi zimene zinathamangitsa akazi awo, a Alefa. Limeneli ndiye bodza lenileni, chifukwa a Alefa anachoka njoka zisanabwere. Mwana wawo Agnes atachira ku Chitakale, mayiwo anapita kukamuthandiza khanda, atanyamula kachikwama kamodzi. Khandalo pano likuthamanga, kachikwamako sikanabwerere.

Amene ankawayankhulabe anali a Cecilia ogulitsa nthochi, nawonso ataima kumsewu, dengu lili pamutu.

"Achimwene, akazi anu awiri aja adzuka bwanji?"

"Adzuka bwino. Lowani muwapatse moni."

"Ine? Ndili ndi ana ofunika kulera ine."

Akatero ankaseka n'kumapita. Masiku ambiri mawu a tsikulo ankathera pomwepo.

Chiperoni chitayamba, phiri lonse litabisala m'nkhungu, a Wyson ankangokhala m'nyumba kuyang'ana mabokosi aja. Lina pakona iyi, lina pakona iyo, njoka iliyonse ili duu payokha. Zinawapweteka mumtima.

"Nanunso mukhale ngati ine?" anatero. "Muli awiri inu."

Anamunyamula Mkanda n'kumuika m'bokosi la Nkhata. Kenako anathira madzi otentha m'botolo, analikulunga ndi chitenje chakale cha a Alefa, n'kuliika pakona kuti lizitenthetsa. Posakhalitsa njoka zonse ziwiri zinali pabotolopo, zitapiringizana moti sukanadziwa mchira uwu ndi wa yani. A Wyson anamwetulira okha. M'mawa mwake ndi iwo anayamba kuwaitana a Cecilia.

"Achemwali, zija zikukondana. Zikugona zitakumbatirana."

"Ndiye muzimangitse ukwati, ife tidzavina tili panja."

Koma patapita masabata, Mkanda anasiya kudya. A Wyson ankatchera mbewa kumunda n'kubwera nazo ziwiri. Nkhata ankameza yake, Mkanda n'kungotembenuza mutu. Ulendo wotsatira chimodzimodzi. Msana wake unayamba kuonekera ngati mpeni, khungu n'kuchita makwinya, mawanga owala aja n'kuzimirira. Akamunyamula ankapepuka ngati chingwe chouma. A Wyson anachita mantha. Pa zamoyo zonse za padziko, zimene zinkawadikira iwo kuti zidye zinali ziwiri zokhazi, ndiye imodzi inali kuwafera m'manja.

Anaganiza kuti mwina ndi kuzizira, botolo limodzi silikukwanira. Tsiku lina masana, mvula yamawawa ili mbuu, anafunafuna botolo lina, anathiramo madzi otentha, analikulunga ndi malaya awo ong'ambika n'kuliika pakona ina ya bokosi lomwelo.

Sanadikire nthawi yaitali. Mkanda anatulutsa mutu pansi pa Nkhata, anayendetsa lilime, n'kuyamba kudzikoka pang'onopang'ono. Apa m'pamene a Wyson anaona kuti nthawi yonseyi wamng'onoyo ankakhala wopsinjidwa, thupi lambiri lili pambali pozizira, pamene Nkhata watenga botolo lonse. Mkanda anadutsa bokosi lonse mpaka pabotolo latsopano, n'kudzikulunga pamenepo yekha.

A Wyson anamutenga n'kumubwezera kwa mnzake. Anachokanso. Anamubwezeranso, iye osachedwa n'komwe, ulendo wa pakona yake.

A Wyson anakhala pa mkeka. Ndiye kuti sizinkakondana. Pofunda panali pamodzi pokha, basi.

Maso awo anagwera pa bulangete limene linali pa chingwe, lofiirira, lothothoka m'mphepete. Ndi lomwe lija anafunda ndi a Alefa zaka zonse za ukwati wawo, poti lina panalibe. Miyezi ya chisanu a Alefa ankawakanirira kumsana mpaka kucha, ndipo a Wyson, akakhala pamwamba pa phiri ndi katundu wa eni, ankakumbukira zimenezo n'kumadziona ngati munthu wamwayi.

Anatenga kafoni kawo n'kuimba. Foni ya a Alefa inaitana kwa nthawi ndithu.

"Halo, bambo a Agnes. Kwagwanji?"

"Palibe. Kwangozizira kuno."

"Kunonso kwazizira."

"Ndimati bulangete lija. Mwina mukulifuna, ndikupatsireni wa minibasi."

"Ayi, Agnes anandigulira langa. Fundani inuyo."

"Nanga mubwera liti?"

Kumbali inayo kunamveka wailesi, mwana akulira, supuni ikugunda m'kapu. Kenako a Alefa anayankha, mofatsa bwinobwino, mopanda mkwiyo.

"Mwanayu akufuna phala. Tiyankhulanabe."

Foni inaduka. A Wyson anaiyang'ana pang'ono, anaiika m'thumba, n'kudzuka. Anatulutsa bokosi lopanda kanthu lija, analitsuka, analipukuta, anayalamo utuchi wouma ndi phale loti njoka izibisalamo. Anamunyamula Mkanda pamodzi ndi botolo lake n'kumubwezera kwawo, pakona yakutali ija.

Sabata yoyamba Mkanda sanadye. Yachiwiri, a Wyson atamulendewetsera mbewa, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaiwakha. A Wyson anaonerera mpaka mchira wa mbewa utalowa. Anatembenuka kuti auze munthu, koma m'nyumbamo munali mkeka ndi bulangete.

M'mawa mwake a Cecilia anaima pamalo pawo pa nthawi zonse.

"Achimwene, akwati aja ali bwanji?"

"Ndawasiyanitsa."

"Ayambana kale? Walakwa ndani?"

"Palibe. Sanayambanepo n'komwe."

A Cecilia anadikira kuti amve zambiri zokauza anzawo kumsika, koma a Wyson anali atalowa kale. Madzi anali atawira pa mbaula. Anadzaza botolo la Nkhata, anadzaza la Mkanda, ndipo otsalawo anapangira tiyi, kapu imodzi, n'kukhala pakati pa mabokosi awiriwo akumwa.