Oyilo Wakuda wa Galimoto ya Alamu

Makaniko anasolola kachitsulo koyezera oyilo wa giyabokosi, nakapukutira pa kansanza koyera, kenako anakafikitsa pamphuno. Nkhope inakwinyika nthawi yomweyo.

"Bwerani mudzanunkhize nokha, mungadzati ndikukunamizani."

Mzime anawerama. Fungo linali la mphika wopserera, ndipo pa kansanza paja panatsala banga lakuda bii, lokhala ndi timichenga tonyezimira.

"Oyilo ameneyu akakhala wabwino amakhala wofiira psuu," anatero makaniko. "Uyu ndiye ndi phula. Munasintha liti?"

"Galimotoyi si yanga, ndi ya kwa alamu anga. Ine ndayamba kuiyendetsa chaka chomwe chino."

"Nanga alamu anuwo anasintha liti?"

"Iwo amati oyilo wa giya za otomatiki sasinthidwa. Akuti anathiriratu kufakitale."

Galaja yonse inafa nacho chiseko. Wina amene anali kunsi kwa minibasi, miyendo yokha ikuoneka, anakuwa kuti oyiloyo amasinthidwa pa makilomita 40,000 aliwonse. Wowotcherera zitsulo anatukula chigalasi chake nati bodza, ndi 60,000. Anayamba kukangana ngati nkhani ya mpira, wina akuti zimatengera misewu, wina akuti zimatengera phazi la dalaivala. Koma makaniko atasuzumira pa dashibodi n'kuwerenga mokweza mtunda umene galimotoyo inali itayenda, mkangano unathera pomwepo. Inali itapitirira kutalitali manambala onse amene ankakanganirawo.

"Ndiye tisinthe lero lomwe," anatero Mzime.

"Aaa, ine ayi. Sindigwira."

"Bwanji?"

Makaniko anapukuta m'manja mosafulumira. "Timbale ta m'katimo tinaperepeseka kalekale. Zimene zinaperepesekazo ndi timichenga mukutionati, ndipo n'kutheka kuti ndi tomweti tikuthandiza giya kugwira. Ndikakhuthula n'kuthira watsopano, mwina ichira. Mwinanso mungotuluka pageti apa, injini ikulira bwinobwino, galimoto osasuntha. Zonse ziwiri ndinazionapo. Ndiye ikafa mawa, alamu anu adzati wapha ndani?"

"Nanga ndikausiya?"

"Ifabe. Kaya mwezi uno, kaya chaka chamawa. Pamenepo adzati mwapha ndi inu." Anatseka boneti ndi manja awiri. "Pano tili ndi lamulo, bwana: giyabokosi yafika apa, amene waigwira komaliza ndiye mfiti."

Mzime anatuluka pagalajapo oyilo ali yemwe uja.

Dzina loti Mzime anam'patsa ndi achemwali ake, poti anali womaliza kubadwa, ndipo linam'kakamira mpaka ndevu. Kale ankayendetsa lole ya kampani yophika buledi. Kampaniyo itatseka, achemwali akewo anam'tenga iye, mkazi wake ndi khanda, nawapatsa kanyumba ka zipinda ziwiri ka kuseri kwa nyumba yawo, pakati pa thanki ya madzi ndi chingwe choyanikira zovala. Sipanapite nthawi, alamu ake, amuna a achemwaliwo, anam'ponyera makiyi pakhonde.

"Mwamuna sakhala manja lende, alamu. Muziperekeza ana kusukulu, achemwali anu kushopu. Ine basi ya kuntchito imanditenga pakhomo."

Tsiku limenelo Mzime anathokoza mpaka kuwomba m'manja. Amene anagula galimotoyo anali achemwali ake, ndi thukuta la mashini osokera, koma iwo chiwongolero ankachiopa ngati njoka, choncho zoyendetsa ndi zasevisi zonse anasiyira amuna awo. Achemwaliwo ankaikonda galimoto imeneyo, abale inu! Mwana akangodyera bisiketi m'menemo, mlandu wake unkafika madzulo.

Vuto linayamba ndi livesi. M'mawa injini ikadali yozizira, Mzime akaika livesi galimoto inkangokhala duu ngati sinamve, kenako n'kugunda "gu!" pansi pa mpando, n'kunyamuka modzidzimuka. Masiku akupita, kudikirako kunkatalika. Iye anapeza kanjira kake: kuyamba waika giya yopita kutsogolo ataponda buleki, kudikira, kubwezera pakati, ndiye livesi. Zinkathandiza, koma osati masiku onse. Ndiye anangoyamba kukhala moyo wosabwerera m'mbuyo. Madzulo ankalowa kumpanda chafutambuyo injini ikadali yotentha, kuti m'mawa angotuluka chamutu. Kusukulu ankaima kutsidya la msewu. Kushopu ankapitirira malo abwinobwino a pakhomo n'kukaima pakona pamene kutsogolo kunali kotseguka.

"Iwe Mzime, ukufuna ndichepe thupi kapena chiyani?" ankadandaula achemwali ake, atasenza mpukutu wa nsalu. "Malo onsewa sukuwaona?"

"Pamenepo amakanda galimoto, achemwali."

"Ooh, chabwino. Bola ukuisamala."

Atachoka kugalaja kuja anafotokozera mkazi wake zonse, ali m'kachipinda kawo kophikira momwe munthu akatembenuka chigongono chinkagunda shelefu. Mkaziyo anamvetsera akupukuta botolo la mwana.

"Kawauzeni alamu anuwo, bambo a mwana. Lero lomwe."

"Ndikawauze kuti chiyani? Kuti galimoto yawo ikufa ili m'manja mwanga?"

"Nanga si zoona? Mwaononga ndinu?"

"Amene adzafunse zimenezo ndani? Waiwala za mng'ono wawo uja?"

Nkhani ya mng'ono wa alamuwo aliyense ankaidziwa. Ndiye ankakhala m'kanyumbako iwo asanabwere. Jenereta itapsa iye atangoiliza, sanam'kalipire n'komwe. Anangomuuza mwaulemu kuti kanyumbako akufuna kukapenta, ayambe wapita kwa anzake. Utoto wake mpaka lero sunagulidwe. Ameneyo anali wa bere limodzi ndi mwini nyumba. Nanga mlamu wopanda ntchito, wa mkazi ndi khanda?

"Ndiye tidzapita kuti?" anafunsa mkaziyo motsitsa mawu.

Funso limenelo ndi limene linam'tuma kukhonde la nyumba yaikulu. Anapeza alamu ake atatambalala pampando wansungwi, akusewera ndi foni.

"Alamu, galimoto ija ikumachedwa kulowa livesi."

"Ee?" Maso sanachoke pafoni. "Zachilendo. Nthawi yonse imene ndinkayendetsa ine sinavutepo."

"Amakaniko akuti mwina ndi oyilo wa giya."

"Mwapita nayo kwa amakaniko?" Apa ndiye anadzutsa mutu. "Anakutumani ndani? Anthu amenewo akangotsegula boneti amapeza matenda khumi. Ndinakuuzani kale, oyilo ameneyo sagwidwa. Musalole munthu akhudze, mwamva? Inu munazolowera malole, phazi lanu ndi lolemera. Muziiponda ngati dzira."

Mzime anati wamva. Anabwerera kuseri akudziona ngati mbewa yolowa m'botolo. Kusintha oyilo mobisa, galimoto n'kufa, mlandu wake. Kusiya, galimoto n'kufa, mlandu wakenso. Kubweza makiyi, ndiye kuti wakana ntchito yokhayo imene inkam'patsa nkhope yodyera pakhomopo. Anayamba kudana nayo galimotoyo, komabe m'mawa uliwonse ankaipukuta mpaka kuwala, akuinyengerera chamumtima kuti ingopirira.

Loweruka lina kunagwa chimvula chamkuntho akuchokera kushopu. Achemwali ake anali atanyamula madiresi a ukwati wa kasitomala, oyera mbee, ndipo atafika pageti anakana zoti galimoto itembenuke kaye.

"Lowa chamutu, ukaime pakhonde penipeni! Ukufuna madiresi a eni ake anyowe?"

Analowa chamutu. Pofuna kuti aitembenuze atatsitsa katundu, anapeza alendo a alamu ake aimika galimoto yawo kumbuyo kwake, ndipo anacheza mpaka Mzime anatopa kudikira. Galimoto inagona mphuno itayang'ana khoma.

Kutacha kunazizira kwambiri. Achemwali ake anatuluka atatchena, madiresi ali m'manja, akuti mkwatibwi akudikira. Anakhala kumbuyo n'kutseka chitseko.

"Tiye, tachedwa kale."

Mzime analiza injini. Anaika giya yakutsogolo, anadikira, anabwezera pakati, anaika livesi. Zii. Anayesanso. Injini inangolira mokweza, khoma lili pomwepo. Thukuta linayamba kutsika m'khwapa ngakhale kunali kozizira.

"Chikuchitika n'chiyani?"

"Ikutenthetsa kaye, achemwali."

"Kutenthetsa kwake kumeneku? Bambo a ana! Tabwerani mudzaone kuno!"

Alamu aja anatuluka atavala kabudula ndi patapata, kapu ya tiyi ili m'manja. Anaika kapuyo pawindo la nyumba.

"Tatulukani, alamu."

Mzime anatuluka naima pambali, pafupi ndi windo la dalaivala, moti zonse ankaziona. Alamu akewo sanafunse kuti vuto n'chiyani. Anaponda buleki, anakokera giya pansi penipeni, anadikira milomo ikugwedera ngati akuwerenga, anakweza kamodzi, anadikiranso, anabwezera pakati, napondako moto pang'ono kawiri. Dzanja linkayenda lokha, mwachizolowezi, maso ali kwina. Kenako anaika livesi, ndipo dzanja lomwelo linathamangira pa wailesi n'kukweza nyimbo mwamphamvu. "Gu" uja anabwera nyimbo ikusokosa, moti wokhala kumbuyo sakanamumva. Galimoto inabwerera m'mbuyo bwinobwino mpaka pageti.

Mzime anangoti kakasi. Kanjira kamene iye anakapeza movutika, alamu ake ankakadziwa bwino kuposa iye, mpaka kudziwa nthawi yeniyeni yokwezera wailesi. Zimenezo munthu saphunzira tsiku limodzi. Ndiye kuti makiyi aja pamene ankaponyedwa pakhonde, matendawa anali atayamba kale. Sanam'patse ntchito ayi, anam'patsa maliro kuti adzafere m'manja mwake. Mtima unamuwawa kwambiri. Alamu akewo potuluka m'galimoto anakumana naye maso, ndipo onse awiri anadziwa kuti mnzake wadziwa.

"Mwaona?" anatero achemwali ake atatsitsa galasi, akuseka. "Eni ake imawamvera. Iwe Mzime, wayamba kundikalambitsira galimoto."

"Musiye, mayi a ana, azolowera," anatero alamuwo mokoma mtima, mokweza kuti aliyense amve. Anagwira Mzime paphewa. "Koma muzisamala, alamu. Ndinakupatsani ili bwinobwino."

Mzime akanatha kunena pomwepo kuti zimitsani wailesiyo muikenso livesi, achemwali amve okha. Koma kuseri kwa thanki kunamveka kulira kwa khanda lake ndi mawu a mkazi wake akulitonthoza, ndipo phewa lake linali likadali m'dzanja la mwini mpanda.

"Ndamva, alamu," anatero, nalowa m'galimoto.

Anayenda mpaka pa maloboti a pamsika. Kumbuyo achemwali ake ankakonza mapepala okutira madiresi. Kenako anasendera kutsogolo n'kutsamira mpando wake, mawu atafewa ngati kale akadali ana.

"Mzime, usakhumudwe ndi zoseka zanga. Alamu ako amakukonda, ukudziwa? Abale awo ankakana zoti ubwere pakhomo paja, iwo ndi amene anaumirira. Anati iwe ndiwe dalaivala weniweni, galimoto ikhala m'manja abwino." Anapumira. "Koma pali kanthu. Kasitomala wanga wina, amuna ake amagulitsa magalimoto, anandiopseza kuti oyilo wa giya akakhalitsa amapha galimoto. Ndiye dzana ndinawafunsa alamu ako kuti wathuyu tinasintha liti. Akuti iwo ankasintha nthawi yake ikakwana, ndipo ulendo uno anakutuma iwe kalekale, pamene ankakupatsa makiyi. Unapita?"

Loboti inali ikadali yofiira. Mzime anayang'ana pagalasi loonera kumbuyo. Anaona nkhope ya achemwali ake, amene anam'bereka kumsana mayi awo atamwalira, ikudikira yankho mopanda kukayika kulikonse. Akanena zoona, madzulo omwewo m'nyumba yaikulu mukhala nkhondo, ndipo nkhondo ya anthu okwatirana imatha. Chimene sichikanatha ndi mkwiyo wa alamu ake pa iye. Akati anapita, ndiye kuti wagwira komaliza ndi iye. Akati sanapite, ndiye kuti wanyozera ndi iye. Anamva chisoni, chifukwa cha iye mwini komanso chifukwa cha mayi wokhala kumbuyoyo.

"Sindinapite, achemwali. Ndinaiwala."

"Iii, Mzime! Chinthu chachikulu chonchi? Ikawonongeka ndidzawauza chiyani alamu ako, atakukhulupirira chonchi?"

"Pepani. Ndipita nayo mawa."

"Upite ndithu. Usinthitse wonse, usasiyeko ngakhale dontho."

"Wonse, achemwali."

Loboti inasintha. Wa minibasi kumbuyo analiza hutala, ndipo Mzime anachotsa phazi pa buleki naponda moto pang'onopang'ono.