Jekete lofiira la a Viness

Khansa ya m'mawere itafika m'chiwindi, adokotala anauza a Viness Mhango kuti mankhwala amene ankalandira asiya kugwira ntchito. Panatsala ena atsopano omwe ankayesedwa pa odwala ochepa, ndipo palibe amene ankadziwa ngati angathandize. A Viness anavomera. Anayamba kukwera minibasi kuchoka ku Masiphumelele, komboni yomwe ankakhala kudziko la eni, kupita kuchipatala chachikulu m'tauni kukaikidwa diripi.

Anthu a kutchalitchi kwawo atamva zoti mankhwalawo ndi ongoyesa, anayamba kuwalankhula motsitsa mawu ngati ali pamaliro.

Masana ena a Viness atagona ndi nseru, anamva zipi ikulira kuseri kwa katani. Anasuzumira. Mlamu wawo Triza anali atavala jekete lawo lofiira, lomwe anapatsidwa ndi abwana awo a ku Fish Hoek, akudzitembenuza pagalasi.

"Lakukhala bwino," anatero a Viness, mawu atawafooketsa dala. "Ndikapita udzatenge. Koma usauze munthu."

Triza analira pang'ono, koma sanalivule msanga. Kuyambira tsikulo ankabwera kudzachapa ndi kukolopa.

Posakhalitsa kunabwera a Tabitha a m'kwaya kudzapemphera. Pempherolo linali lalitali, koma diso limodzi linali pa jekete. A Viness anawalonjezanso chimodzimodzi, ndipo a Tabitha anayamba kubweretsa nsomba yootcha ndi zigumu.

Amuna awo, a Enos, anazitulukira.

"Amake Uchizi, jekete limodzi anthu awiri? Simukuopa Mulungu?"

"Ndimamuopa. Koma taonani mmene pansipa pakuwalira. Inu munakolopapo liti?"

A Enos anangotola chipewa n'kupita kuntchito yawo yaulonda ku Milnerton.

Mankhwalawo sanali amasewera. Anawatulutsa zilonda m'kamwa, zala zinkachita dzanzi, ndipo masiku ena ngakhale fungo la nsomba ya a Tabitha linkawasanzitsa. Koma atawajambulanso, adokotala anawaonetsa kuti zotupa zija zachepa.

"Sindikuti mwachira," anachenjeza. "Mankhwalawa akhoza kudzasiyanso kugwira. Koma pakadali pano akugwira."

A Viness analira m'minibasi njira yonse. Atafika kunyumba anauza a Enos okha, n'kukagona monga mwa masiku onse, poti Triza anali asanamalize kusita.

Lamulungu lina la mvula ndi mphepo a Viness anadzuka ali ndi mphamvu, anavala jekete lija n'kukalowa m'tchalitchi kwaya ikuimba. Triza, yemwe anaima pafupi ndi a Tabitha, ananong'ona kuti, "Alinyowetsatu jekete langa."

"Lako?" anafunsa a Tabitha.

Mapemphero atatha, onse awiri anawatsekera njira pakhomo.

"Sindinanamize munthu," anatero a Viness. "Ndinati ndikapita. Adokotala akuti ndidikire kaye."

A Tabitha anaseka mpaka kutsamira khoma. Triza anachoka osatsanzika.

Komabe tsiku la diripi litakwana, Triza anapezeka pa siteji ya minibasi, nkhope ili gwa. Kuchipatala nseru itayamba, ndi iyeyo anagwira beseni n'kumawasisita pamsana. Kenako anafunsa, maso ali kumbali:

"Alamu, nsapato zakuda zija zili ndi mwini kale?"

A Viness anapukuta pakamwa.

"Kodi mawindo umatha kutsuka?"