Zipinda za Anthu a Mafuta

1.
Anabwera ndi magalimoto ogunda nthaka, mawaya, zikhomo zofiira. Akuti pansi pa chigwa chino pali mafuta. Ng'ombe khumi ndi ziwiri za Dafuleni, mwamuna wa Nasimango, zinapita kumsika n'kubwerako zili zipinda zisanu ndi zitatu zoti alendowo azigonamo.

Mtengo wa mafuta wakwera.

2.
Miyezi isanu ndi inayi. Nyama. Jenereta. Nsapato.

3.
Mtengo watsika, mayi.
Watsikira kuti?
Kunja, kumayiko.
Ndiye mafuta apansi panowa athawa?
Alipo, koma kuwakumba pano n'kuluza.
Anapakira mawaya awo tsiku limodzi.

4.
Inu a Dafuleni munkangokhala pakhonde kuwerenga zitseko zotseka ngati mukuwerenga ng'ombe, kudya ayi, kumunda ayi, galimoto ikalira kumsewu inu dzandi akubwera akubwera, mpaka tinakunyamulani, n'kundisiyira ine malata, malata amakamidwa mkaka kodi

5.
Zotsala: mileme, chiswe, chipewa chachikasu chimene nkhuku inayamba kuikiramo mazira.

6.
Ife tinafika sukulu itatsegulira, atsikana a sekondale, kwathu kutali tsidya la mtsinje. Tinkalipira mapira, nthawi zina nkhuni, nthawi zina pepani. Mayi Nasimango ankatikalipira kuyambira m'mawa. Mnyamata akayandikira mpanda, ankamutulukira ndi munsi.

7.
Patapita zaka zisanu ndi chimodzi, Jailosi, mng'ono wa malemu, anafika thukuta kamukamu.
Alamu, mtengo wakwera! Abweranso! Tulutsani tiatsikanati, awa alipira kakhumi.
Mayeso a fomu folo atsala masabata atatu.
Mayeso amadyedwa?
Nanga mafuta anuwo munawanyambitako? Ndionetseni dontho, Jailosi. Dontho!

8.
Bwana wa kampani anavula chipewa. Tikufuna zipinda zonse, mayi, mawa.
Nasimango sanamupatse mpando.
Muli anthu.
Tiwonjezera ndalama.
Muwonjezera mpaka liti? Mpaka kunja kuyetsemule? Kuseri uko kuli malo anga. Mangani zipinda zanu, njerwa zootcha, osati mahema. Mugonemo ulere. Mukamathawa musiye zitseko ndi makiyi.
Sitithawa, mayi.
Ndiye mukuopa chiyani kusaina?
Anasaina. Jailosi anagwira pakamwa.

9.
Mtengo wakwera. Mtengo watsika. Amisiri akukweza khoma. Atsikana akuloweza mokuwa pansi pa msawu, ndipo ang'ono awo ayamba kale kufunsa malo.

10.
Madzulo ake Nasimango anakalambula pamanda a mwamuna wake, yekha.
Mudzi wonse umati Dafuleni anapusa. Nasimango nayenso amatero, mokweza kuposa onse. Koma Dafuleni anakana katatu kugulitsa ng'ombezo. Ng'ombe zimabereka, Nasimango, njerwa sizibereka. Amene anamana mwamuna chakudya sabata yathunthu mpaka ng'ombe zinapita, ndi uyu wagwira khasuyu.
Anazula udzu womaliza, n'kukhala pansi.
Bambo, anatero, mwamva kuseri kuja? Zikubereka.