Pampu Yobwereka

Uthenga utafika kuti alendo abwera Lachinayi, Felistus Mbewe anavina yekha m'wekishopu, sipanala ili m'manja. Bungwe lina lothandiza maphunziro a ntchito zamanja linkafuna koleji imodzi, ya ku Kitwe kapena ku Ndola, kuti liigwirizanitse ndi mgodi wina wa kutsidya kwa malire, ku Congo. Bungwelo ligula zida zophunzitsira, mgodiwo uzitenga ophunzira miyezi isanu ndi umodzi kuti akazolowere ntchito. Kwa Felistus iyi sinali nkhani yamasewera. Kalasi yake yokonza mapampu ndi mamota a mumgodi inatsala ndi ophunzira khumi ndi mmodzi, ndipo mkulu wa koleji, a Zacharia Njobvu, anali atamuuza kale kuti mwayiwu ukapita ku Ndola, kalasiyo itsekedwa chaka chikamatha.

Tsono ife a kuchigawo cha kum'mawa, ngakhale tibadwire pa mgodi, matenda athu ndi amodzi: mlendo asaone mbale yong'aluka. A Njobvu analamula penti. Makoma anapakidwa, miyala ya m'mbali mwa njira inapakidwa, mtengo wa mango nawonso unavala zoyera mpaka m'chiuno. Kenako anaimbira mlamu wawo wa kampani ina ku Riverside, mu Kitwe momwemo, n'kubwereka pampu yatsopano, yobiriwira, yokhala ndi kagalasi koonetsa manambala. Mapampu asanu akale, amene ophunzira ankawamasula ndi kuwamanga chaka chonse, anawakokera m'chipinda cha kuseri n'kukhoma.

"Ba Felistus, tisazisebanye," anatero a Njobvu poopa manyazi. "Aone kuti naise tili na vinthu."

Tisamunamizire Felistus kuti anakana. Iye yemwe ndiye anaipukuta pampuyo kawiri, mtima ukudumpha ndi chimwemwe, ndipo anagula ovololo yatsopano.

Lachinayi alendo anafika awiri: mayi Gwen Chanda a ku bungwe lija, ndi injiniya wa mgodiwo, a Ilunga, bambo wamfupi amene anali atawoloka malire a Kasumbalesa m'mawa womwewo. Kwaya ya koleji inaimba. Felistus anawatsogolera m'wekishopu akumwetulira mpaka masaya kuwawa.

Mayi Chanda anaizungulira pampu ija, nagwedeza mutu.

"Awe, imwe muli bwino," anatero. "Ku Ndola tapeza bana baphunzila pampu pa bolodi, na choko. Imwe muli nayo kudala, ya chaka chino."

Mayi Chanda anatseka kabuku kawo kolembamo zosowa za makoleji. A Njobvu anawerama pothokoza, osamva kuti chimene akuthokozacho ndi maliro a kalasi. Koma Felistus anamva. Ndani amapereka nsapato kwa munthu wovala kale zonyezimira? Anayang'ana ophunzira ake ali ndandanda kukhoma, manja kumbuyo chifukwa anawaletsa kukhudza chinthu cha eni. Anachita mantha, pakuti kuchititsa bwana manyazi pamaso pa alendo si kanthu kakang'ono. Komabe wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

"Ba mayo, iyi pampu si yathu," anatero Felistus. "Ibwelela kwa bene bake mailo. Zathu zili uku."

A Njobvu anatsokomola ngati atsamwa munga wa nsomba. Felistus anatulutsa kiyi n'kutsekula chipinda cha kuseri. Fungo la oilo wakale linatuluka n'kugonjetsa penti yonse ija.

A Ilunga analowa oyamba. Ananjuta pambali pa mota ina yadzimbiri yosavundikira, nayendetsa chala pa mawaya a kopa a m'kati mwake, olukidwa mosamala ngati tsitsi la mkwatibwi. Pampu ina inali ndi gasiketi yotsekera madzi yodulidwa ku chubu cha matayala.

"Ndani anamanga waya uyu?" anafunsa m'Chinyanja chopunduka.

Manja khumi ndi limodzi anakwera, ena mwamanyazi.

A Ilunga anaseka mpaka kukhala pansi pa oilo pomwepo. Anafotokoza kuti kwawo mota ikapsa amaikweza pa lole kupita nayo kutali kum'mwera kukaimanganso, ndipo loleyo imagona masabata pa mzere wa pamalire, madzi akudzaza mumgodi. Chonsecho anthu odziwa kumanga mota ndi manja ali pano, mtunda wa maola ochepa, atabisidwa kuseri kwa chitseko.

Mayi Chanda anatsekulanso kabuku kaja, nayamba kufunsa Felistus zida zimene akusowa, chimodzichimodzi. Apa a Njobvu anadzikankhira kutsogolo, suti yawo ikukhula dzimbiri.

"Ivi ndiye nenze kufuna kukuonetsani poyamba," anatero osaphethira n'komwe.

A Ilunga anaimirira, akupukuta manja pa buluku, nayang'ana Felistus.

"Onse ileveni, pasipoti alipo?"

"Palibe olo umozi," anayankha.

"Atenge. Januwale ndikuwafuna."

Felistus anawathokoza a Ilunga. Misozi inagwera pa ovololo yatsopano ija, kumbuyo kwake ophunzira akukumbatirana.

M'mawa mwake pampu yobiriwira inabwerera ku Riverside. Mapampu akale asanu aja Felistus anawakokera pakhomo penipeni pa wekishopu, pamene aliyense wolowa angapunthwepo.