Kachipangizo ka m'kabati mwa mayi Benedicta

Victoria anali pa ntchito yoyeserera ku kampani ya Zakazaka, ndipo abwana ake sanapsatire mawu: "Lachisanu masana nditsegula laputopu. Timadontho tonse khumi ndi tiwiri tikakhala tobiriwira, ntchito ndi yako. Kakafiira kamodzi, basi."

Timadonthoto tinkaimira tizipangizo timene Victoria anazika m'madimba a sitiroberi pamwamba pa phiri la Zomba. Kalikonse kankayeza chinyezi n'kutumiza uthenga pa intaneti ku kompyuta ya kampani. Dothi likauma, kompyuta inkayatsa yokha pampu ya mwini dimba. Madzi akapyola muyeso, kadontho kankafiira.

Lachisanu m'mawa tonse tinali tobiriwira, koma ka nambala naini, ka m'dimba la mayi Benedicta, kanali kakulira kuti kwauma kwa masiku anayi, chikhalirecho mvula inagwa Lachiwiri. Wochenjera akanangokhala chete. Victoria anakwera kabaza, akudzitukwana njira yonse.

Anapeza dimba litasanduka dambo, pampu ikubangula, sitiroberi zikusambira. Achule okha ndiwo anali osangalala.

"Mayi, kachipangizo kaja kali kuti?"

"Kali bwinobwino, mwanawe, lowani mukaone," anatero mayi Benedicta monyadira.

Kanali m'kabati ya pabalaza, pakati pa mbale za alendo zimene ngakhale amuna awo sanadyerepo. Anali atakatsuka ndi sopo n'kukafunditsa kansalu koluka.

"Chinthu cha abwana chigone pamatope? Ndi anyani a kunowa? Ine sindinaleredwe choncho. Koma pampu yanuyi ndiye yapenga, ndikaizimitsa ikuyakanso yokha."

Victoria anafuna kulira. Kachipangizoko sikananame: m'kabati munalidi mouma gwa! Anayang'ana foni, nthawi inali itakwana. Kukasiya pomwepo, kadontho kakhala kobiriwira ndipo ntchito ndi yake. Pa zenera anaona mayi aja atabwerera kudimba, akutola sitiroberi zowola m'madzi, kuzipukuta ndi chitenje imodziimodzi ngati zingachire.

Anatenga kachipangizoko, anavula nsapato, analowa m'matope, n'kukazika. Pampu inati zii. Kadontho kanafiira, ndipo foni inalira nthawi yomweyo.

"Victoria, nambala naini yatani?" anafunsa abwana.

"Yayamba ntchito lero, bwana."

Anafotokoza zonse. Kumbali inayo kunamveka kuseka kosaletseka, mpaka abwana anatsamwa.

"Ngati ndi choncho, tina khumi ndi kamodzito tili m'makabati mwa ndani? Pita ukatione tonse. Lolemba ubwere udzasaine."

Victoria anangokhala pansi m'matope momwemo. Atadzutsa mutu anaona mayi Benedicta akubwera ndi kansalu kaja. Anakafunditsa kachipangizo bwinobwino n'kupsinja m'mbali ndi miyala.

"Mwapambana, kagona panja," anatero. "Koma madzulo ndidzakaperekeza ndi ambulera."